Amsinkhu waufupi, yezani mwendo musanaitanitse njinga yamoto yatsopano

Akonzi,

Tiloleni tilankhuleko ndi anzathu amsinkhu waufupi, abambo ndi amayi omwe, amene akhala akuyendera njinga zamoto zaliwiro zakale ndipo tsopano akufuna kugula zamakono. Ife timakonza ndi kuyendetsa njinga zoterezi kuno ku Mzuzu. Chikutidetsa nkhawa n'chakuti ambiri akuitanitsa njinga kuchokera ku Japan kapena ku South Africa atangoiona pa chithunzi. Ikafika, mwini wake akakhalapo akupeza kuti mapazi akulendewera, ndipo mawa lake njinga ya ndalama zankhaninkhani ili kwa wotcherera, akuidula mosaganiza bwino.

Njinga zaliwiro zamakono n'zazitali kuposa zakale, ndipo anazipanga choncho dala. Chishalo ndi zopondera mapazi amazikweza kuti njinga izitha kupendeka kwambiri pa kona popanda chitsulo kukhula phula. Kawasaki Ninja 250 yakale ija, imene anasiya kupanga mu 2007, chishalo chake chili pa mamilimita 745 kuchokera pansi. Imene inalowa m'malo mwake mu 2008 chili pa 775. Yamaha R6, imene achinyamata ambiri amailota, chili pa 850. Wochoka pa Ninja yakale kupita pa R6 ndiye kuti wakwera masentimita oposa 10, ndipo amene ankaponda pansi ndi phazi lonse tsopano angogunda ndi nsonga ya chala.

Chofunika kudziwa si kutalika kwa thupi lanu lonse koma kwa mwendo. Anthu awiri ofanana msinkhu amatha kusiyana miyendo ndi masentimita angapo. Valani nsapato zimene mumayendetsera njinga, tsamirani khoma, ikani buku pakati pa miyendo n'kulikankhira m'mwamba ngati mwakhala pa chishalo, kenako mnzanu ayeze kuchokera pansi kufika pamwamba pa bukulo. Nambala imeneyo ndiyo muziyerekeza ndi ya njinga. Mukakhalapo, masipuling'i amatsika ndi mamilimita 20 kapena kuposerapo pang'ono, koma chishalo chikakhala chachikulu m'lifupi chimatambasula ntchafu n'kudya zonse zimene mwapindulazo. N'chifukwa chake njinga ya masilinda anayi, yokhala ndi thanki yotambalala, imamveka yaitali kuposa ya masilinda awiri ngakhale manambala a m'buku atafanana.

Maganizo athu ndi akuti amene mwendo wake sukupitirira mamilimita 760 ayang'ane njinga za pakati pa 780 ndi 790. Yamaha R3 ili pa 780 ndipo imalemera makilogalamu pafupifupi 169 ili ndi mafuta. Ninja 400 ili pa 785, makilogalamu 168. Wofuna mphamvu zochulukirapo ali ndi Honda CBR500R pa 785, Suzuki SV650 yoyambira mu 2016 pa 785, ndi Ninja 650 yoyambira mu 2017 pa 790, koma zitatuzi zimapitirira makilogalamu 190. SV650 imakomera aafupi chifukwa injini yake ndi yopyapyala ndipo chishalo n'chochepa kutsogolo. Musanyengedwe ndi kuchepa kwa injini: KTM RC 390 ili pa 820 ndipo Yamaha R15 V3, ngakhale ndi ya 155 cc yokha, ili pa 815.

Kulemera musakupeputse. Njinga ikamathamanga kulemera kwake sikumveka, koma mukaima n'kupendeka pang'ono, makilogalamu onsewo amagwera pa mwendo umodzi umene wangogunda pansi ndi zala. Kumbukiraninso kuti pa mzere wa mafuta njinga imakankhidwa ndi manja, nthawi zina pamtunda. Mikono nayo iyezedwe: pa R6 ndi zinzake za 600 cc mahandulo ali patali ndiponso m'munsi, moti wamfupi amawongola zigongono n'kugonera thanki. Zigongono zikauma chonchi, kutembenuza njinga pamalo opanikizika kumavuta kwambiri.

Ngati njinga mwagula kale ndipo yakutalikirani, yambani ndi chishalo, chifukwa sichisintha kayendedwe ka njinga. Chotsani chishalo, zulani masitepulo ogwira chikopa kuchokera kutsogolo mpaka pakati, lembani mzere pa siponji ndi cholembera, ndipo dulani pang'onopang'ono ndi mpeni wa mano kapena chitsulo cha hakiso, kenako salazani ndi sandipepala wokhakhala. Pamwamba musachotse zopitirira mamilimita 20 kapena 25, ndipo pa njinga zambiri zaliwiro siponji ndi yopyapyala kale moti simungafike pamenepo. Phindu lalikulu lili m'mbali. Pangodya ziwiri zakutsogolo, pamene ntchafu zimadutsa potsitsa mwendo, sengani mozungulira mamilimita 10 mpaka 15 mbali iliyonse. Yesani kukhalapo musanabwezeretse chikopa. Telala wa mipando yagalimoto aikeko pulasitiki pakati pa siponji ndi chikopa, chifukwa ndi mvula yathu ya kuno siponji yonyowa siuma msanga. Mukachotsa zambiri, mawondo amapindika kwambiri ndipo pulasitiki ya pansi imayamba kukupwetekani musanafike pa Chikangawa.

Wosoka nsapato angakuwonjezereni soli ya mamilimita 10 mpaka 15 pa jombo. Mukatero kwezani pang'ono chopondera magiya kuti chala chizilowa pansi pake mosakakamira.

Cholakwika chimene timachiona kawirikawiri ndi kumasula sipuling'i ya shoko yakumbuyo mpaka kumapeto n'cholinga chakuti njinga igwe. Kolala, mphete imene imapanikiza sipuling'iyo, ili ndi ntchito yake, yogwirizanitsa sipuling'i ndi kulemera kwa wokwera, ndipo pali njira yoiyezera. Pafunika anthu atatu. Nyamulani kumbuyo kwa njinga mpaka tayala lilendewere, yezani kuchokera pa ekiselo kufika pa kadontho kamene mwalemba pa pulasitiki pamwamba pake. Tsitsani njinga, wokwera akhalepo atavala zonse, mapazi pa zopondera, wina atagwira kutsogolo, n'kuyezanso. Kusiyana kwa manambala awiriwo kukhale mamilimita 30 mpaka 35, ndipo kusapitirire 40. Munthu wopepuka, wa makilogalamu 55 kapena 60, nthawi zambiri amapeza kuti njinga ikutsika ndi 20 okha, ndiye ameneyu ali ndi ufulu womasula kolala ndipo apindula sentimita imodzi kapena kuposa. Koma mukapitirira 40, shoko imatsala ndi mpata wochepa. Mukagunda dzenje imafika pamapeto, tayala limadumpha, ndipo mukanyamula munthu kumbuyo zimafika poipa.

Ngati chishalo ndi nsapato sizinakwanire, ndiye pamabwera malinki. Pa njinga ngati Ninja 400, SV650 ndi CBR500R shoko yakumbuyo imalumikizidwa kudzera mu tizitsulo tokhala pansi pake, ndipo mukasintha kutalika kwa tizitsuloti kumbuyo kumatsika. Kusintha kwa mamilimita ochepa pa linki kumachulukitsidwa kangapo pa tayala, choncho si chinthu chongoyerekeza ndi maso. Chonde musalole munthu kukudulirani fulatiba n'kuboola mabowo, kapena kuwotcherera kachidutswa pa linki yakale. Chitsulo chimenecho chimanyamula kumbuyo konse kwa njinga, ndipo chikathyoka tayala limakanirira ku pulasitiki ya pansi pa chishalo muli pa liwiro. Itanitsani malinki opangidwira njinga yanuyo ndi chaka chake. Pomanga, pakani gilisi mabering'i ndipo mangani mabawuti ndi sipanala yoyezera mphamvu malinga ndi buku. R3 ndi RC 390 zilibe malinki otere, shoko imamangidwa mwachindunji, choncho zimafuna chida chopangidwira zimenezo kapena shoko yaifupi.

Ife sitilangiza kutsitsa kupitirira mamilimita 25 kapena 30. Linki imatsitsa njinga koma sichepetsa ulendo wa tayala, ndiye tayala limatha kufika pamwamba kuposa kale n'kukhula pansi pa chishalo, pamene pamadutsa mawaya.

Kumbuyo kukatsika, kutsogolo kutsikenso. Mukasiya kutsogolo momwe kunalili, njinga imayamba kukanika kukhota ndipo imakukokerani kunja kwa kona. Pa makona otsikira ku Nkhata Bay kapena a Chiweta, kunja kwa kona ndi kumene kuli lole yobwera kapena phompho. Nyale yakutsogolo nayo imaloza m'mwamba n'kuthobwa anzanu m'maso. Mukatsitsa kutsogolo kokha, kapena mopitirira muyeso, mahandulo amapepuka ndipo amatha kuyamba kugwedezeka okha pa liwiro.

Potsitsa kutsogolo, chirikizani njinga kuti tayala lakutsogolo lisanyamule katundu, masulani mabawuti a zitsulo ziwiri zogwira foloko, chapamwamba ndi chapansi, pamodzi ndi a mahandulo ngati amangidwa pa folokoyo. Kankhirani foloko m'mwamba ndi mamilimita 10 mpaka 15, mbali imodzi kaye kenako inayo, ndipo yezani ndi lula yachitsulo kuti zifanane ndendende. Zikasiyana, ekiselo imalowa mokakamira ndipo foloko imayamba kugwira. Mukamanga, tembenuzani mahandulo mbali zonse muone ngati sakugunda thanki kapena mapulasitiki, ndiponso ngati mapaipi a mabuleki ndi mawaya sakupindika. Kenako mangani kachingwe kapulasitiki komangira mawaya pa chitsulo chonyezimira cha foloko, yendani pang'ono, gwirani buleki mwamphamvu pamalo opanda anthu, n'kuona pamene kachingweko kakankhidwira. Mpata umene watsala pa foloko uyerekezeni ndi mpata wa pakati pa madigadi ndi rediyeta. Madigadi akafika pa rediyeta foloko isanafike pamapeto, bwezani.

Zitatha izi patsala sitandi, tcheni ndi nyale. Njinga yotsitsidwa imaima chilili pa sitandi yakale, ndipo kamphepo kapena mwana woitsamira angaigwetsere kumanja. Sitandi idulidwe pafupifupi mofanana ndi mmene njinga yatsikira, ndipo wotcherera aikeko kachitsulo kotambalala kunsi kuti isamamire m'matope. Tcheni iyezedweninso. Njinga zambiri zimafuna kuti izisewera mamilimita 25 mpaka 35, koma onani buku lanu, ndipo wokwera atakhalapo pakhalebe kampata. Tcheni yokungika imadya masipuloketi ndi bering'i ya giyabokosi. Nyale itsitsidwe poiloza pa khoma madzulo.

Zonsezi zili ndi mtengo wake m'misewu yathu, ndipo apa m'pamene tikufuna aliyense aganize kawiri. Ninja 400 ili ndi mpata wa mamilimita 140 pakati pa mimba yake ndi msewu, SV650 ili ndi 135, Ninja 650 ili ndi 130. Chotsanipo 30 a malinki, chotsaninso amene njinga imatsika mukakhalapo, mutsala ndi osakwana 90. Mahampu a pa M1 ndi a m'tauni, komanso ngalande zimene mvula imakumba m'misewu yafumbi ya ku Mchengautuba, Zolozolo ndi Masasa, ziyamba kukhula ekizozi ndi mapulasitiki apansi, ndipo tsiku loipa zigunda bawuti yokhetsera oyilo. Wotsitsa njinga aziwoloka hampu pang'onopang'ono, mopingasa pang'ono, atasiya kale buleki yakutsogolo kuti foloko idzuke. Pa mfundo iyi R3 ili bwino, chifukwa imayambira pa 160.

Ena amaika tayala lopyapyala m'mbali kuti njinga itsike. Kuchoka pa 180/55 kupita pa 180/50 mupindula mamilimita 9 okha, koma mwasokoneza ABS (makina oletsa tayala kuuma mukagwira buleki mwamphamvu) ndi choyezera liwiro, ndipo limu ipindika pa dzenje loyamba.

Dziwaninso kuti kuponda pansi ndi mapazi onse awiri si lamulo. Phazi limodzi lokhazikika bwino limaposa awiri ongogunda ndi zala. Mukamayandikira poima, tsitsani magiya mpaka wani, sunthani thako pang'ono kumanzere, tsitsani phazi lamanzere lonse, lamanja likhale pa buleki yakumbuyo. Popeza timayenda kumanzere ndipo misewu imapendekera kumbali kuti madzi azitsika, pansi pa kumanzere pamakhala patali kuposa pa kumanja, makamaka pamene phula ladyeka m'mphepete. Choncho sankhani poima mudakali patali, ndipo ngati kumanzere kuli dzenje, mchenga kapena matope ofiira oterera, tsitsani lamanja. Imani mahandulo ali owongoka. Aafupi ambiri amagwa pa liwiro la munthu woyenda pansi, atagwira buleki yakutsogolo mahandulo ali okhota. Poimika pamtunda lozetsani njinga kokwera n'kuisiya mu giya wani, chifukwa kuibweza chammbuyo mutakhalapo simungathe. Wokwera kumbuyo asakwere musanamuuze kuti mwakonzeka. Ikaninso tizitsulo toteteza mapulasitiki njinga ikagwa, ndi zogwirira kilatchi ndi buleki zotha kusendezedwa pafupi ndi zala.

Ogulitsa njinga tikuwapempha kuti azilola ogula kukhalapo njinga itachoka pa sitandi, ndipo azinena poyera ngati inatsitsidwa kale, chifukwa zina zobwera kuchokera kunja zimafika zili ndi malinki osinthidwa pamene foloko sinakhudzidwe. Wogula aone kutalika kwa foloko yotulukira pamwamba ndi zipsera pansi pa ekizozi. Amene mwatsitsa nokha, sungani malinki akale m'kathumba, lembani manambala a mmene foloko ndi kolala zinalili, ndipo ngati mungathe gulani sitandi ina yoti mudule, yoyambayo ikhale yosadula kuti njinga idzabwerere m'chimake tsiku loigulitsa.

Ndife,
Amakaniko ndi oyendetsa njinga zamoto,
Luwinga, Mzuzu