Lipoti la msonkhano wa za kafukufuku uja munanditumako

A mpando, a gulupu ndi mamembala nonse a VDC, ndabwerako ku boma. Ndinafika mochedwa pang'ono, minibasi inaima pa Luchenza pafupifupi ola lathunthu kudikira kudzadza.

Nkhani yaikulu inali yoti ochita kafukufuku a ku yunivesite sangangodzuka n'kubwera m'mudzi kudzatenga magazi kapena kufunsa anthu mafunso, pamakhala komiti imene imayamba yawerenga pulani yawo yonse. Ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ku Blantyre kuli komiti yotchedwa COMREC, ku unduna wa zaumoyo kuli ina yotchedwa NHSRC, ndipo pa yunivesite ya MUST pa Ndata pompano alinso ndi yawo. Amaona ngati pali chiopsezo chanji, chinsinsi cha munthu chisungidwa bwanji, wina akavulala amuthandiza ndani, fomu ili mu Chichewa chomveka kapena ayi. Akaona kuti sizili bwino amabweza kuti akakonze, ndipo ngakhale kafukufuku atayamba kale angathe kumuimitsa.

Anatifotokozeranso pomwe zinachokera. Ku America, ku Tuskegee, kuyambira 1932 mpaka 1972 madokotala ankangoyang'anira azibambo akuda pafupifupi 400 odwala chindoko osawapatsa mankhwala, penisilini atapezeka kale, kuti aone matendawo amamupanga bwanji munthu. Zaka 40 abale! M'holo monse munangoti zii.

Koma chomwe chandikhudza ine ndi ichi, ndipo a gulupu mundikhululukire. Chilolezo cha mfumu ndi cholowera m'mudzi basi, sichilowa m'malo mwa chilolezo cha mwini thupi. Zili mu konsitityushoni yathu gawo 19, palibe woyesedwa zachipatala kapena zasayansi iye asanavomere. Ndiye zija timachita zoti "amfumu avomera kale, tiyeni pa mzere tidinde chala" ndi zolakwika. Ine ndinadindapo chala choncho, anatipatsa Fanta ndi sopo, pepala anapita nalo, zotsatira mpaka lero kuli chete.

Fomu yeniyeni ndaigwira m'manja. Pamakhala dzina la komiti yovomereza ndi nambala yoimba ukakhala ndi dandaulo, ndipo kope imodzi imatsala ndi iwe. Wosadziwa kuwerenga amuwerengere pali mboni yosakhala m'timu yawo. Mwana makolo avomere, naye afunsidwe. Ukhoza kukana kapena kusiyira panjira, kuchipatala uzithandizidwabe ngati kale. Ka ndalama amapereka kaja n'ka transipoti ndi nthawi yako, si kukugula.

Ndinaimika mkono n'kufunsa za anamapopa, paja 2017 kuno ndi ku Mulanje ndi Phalombe anthu anafa chifukwa cha mphekesera zomwezi. Anayankha kuti tikakaikira alendo tisatole miyala, tifunse kalata ya komiti, tiitane a zaumoyo a m'mudzi (a HSA), tiimbe nambala ija.

Mafomu achitsanzo ndabwera nawo awiri, Lachinayi pa msonkhano wathu ndidzawerenga imodzi mokweza. A msungichuma, chenji cha transipoti ndili nacho.