Lipoti la msonkhano wa ku boma wokhudza sukulu za unamwino

A Wapampando, mafumu athu, aphunzitsi ndi makolo anzanga a m'komiti ya thumba la maphunziro kuno kwa Mwadzama, ndakupatsani moni nonse.

Munandituma ku Nkhotakota boma kukakhala nawo pa msonkhano wofotokozera makolo ndi ana omaliza Fomu 4 za maphunziro a unamwino ndi uzamba. Funso munandipatsa linali lakuti: atsikana athu atatu ndi mnyamata mmodzi amene mitima yawo ili pa unamwino tiwatumize kuti, ndipo ndalama za mpunga tinasonkha zija tiziike pa sukulu yotani? Maganizo anga ndanena kumapeto, koma ndiyambe ndi zomwe ndinamva ndi kuona, kuti tikamakumana Loweruka tonse tikhale tikudziwa zofanana.

Anatiyankhula ndi mphunzitsi wa pa koleji ina ya mishoni, mayi wina wamkulu woyang'anira anamwino pa chipatala, ndi anamwino awiri achinyamata amene angolandira kumene ziphaso zawo. Makolo analipo ambiri, ena ochokera ku Dwangwa ndi kwa Mwansambo.

Nkhani yoyamba, imene inabwerezedwa mpaka aliyense anaimva, ndi ya bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi. Muno m'Malawi munthu sakhala namwino chifukwa choti koleji yamupatsa pepala. Bungweli ndi limene limavomereza koleji komanso maphunziro enieniwo, limalemba dzina la wophunzira m'kaundula wake akangoyamba sukulu, ndipo pamapeto limamulembetsa mayeso ake apadera. Akakhoza mayeso amenewo m'pamene amalandira chiphaso chogwirira ntchito, chomwe amayenera kuchikonzetsanso nthawi yake ikakwana. Wopanda chiphaso salembedwa unamwino ndi boma, ndi mishoni, ngakhale ndi kachipatala ka munthu kotsata malamulo. Palinso bungwe la NCHE loyendera sukulu zonse za ukachenjede, nalonso lili ndi mndandanda wake wa makoleji ovomerezeka. Tinauzidwa kuti tiziona mbali zonse ziwiri, ndipo tisamangofunsa ngati koleji ndi yovomerezeka, tizifunsa ngati kosi imene mwana akukalembetsayo ndi yovomerezeka, chifukwa koleji ikhoza kuloledwa kuphunzitsa zina koma osati unamwino.

Apa bambo wina anaimirira, mawu akunjenjemera. Mwana wake anaphunzira kwinakwake m'tauni, pa sukulu imene inkadzitcha ya zaumoyo, yunifomu yoyera ankavala, zithunzi ankatumiza kumudzi. Bamboyo anagulitsa njinga yamoto kuti alipire fizi. Lero mtsikanayo ali pakhomo ndi satifiketi yoti palibe chipatala chingaiyang'ane kawiri. Palibe anaseka m'holomo. Ine ndinaganiza za amayi a m'gulu mwathu muno amene anapereka ndowa imodziimodzi ya mpunga ana awo ali ndi njala, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti ndalama zathu sizidzapita njira imeneyo.

Tinachenjezedwanso za zotsatsa zimene zimayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook, zokhala ndi chizindikiro cha koleji yeniyeni koma zonena kuti ndalama ya fomu itumizidwe pa Airtel Money kapena pa Mpamba ku nambala ya munthu. Ena amalonjeza kukupezerani malo mukawapatsa kangachepe. Tikaona chotsatsa tiziimbira kaye ofesi ya kolejiyo, ndalama tizilipira ku akaunti ya dzina la koleji, lisiti n'kusunga.

Tsopano za magulu a anamwino, chifukwa kunja kuno aliyense wovala zoyera timangoti namwino. Pali a digiri, amene amaphunzira zaka zinayi. Sukulu yodziwika ndi yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), imene inakhazikitsidwa mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine. Ku Mzuzu University nakonso amaphunzitsa. Kumeneko mpikisano ndi woopsa, amatenga okhoza kwambiri. Pali a dipuloma ya zaka zitatu yotchedwa Nursing and Midwifery Technician, mwachidule NMT, ndipo awa ndi amene timawapeza kwambiri m'zipatala zing'onozing'ono za kumudzi: ndiwo amatiyeza kusikelo, kuchiritsa amayi, kubaya jakisoni ndi kutsuka mabala. Pomaliza pali azamba a m'madera, a Community Midwifery Assistant, amene maphunziro awo ndi aafupi ndipo ntchito yawo ndi ya amayi ndi ana basi. Wa NMT akagwirako ntchito akhoza kubwerera kusukulu n'kukwera kufika pa digiri. Ndikuona kuti khomo la ana athu ndi la NMT limeneli.

Makoleji ambiri ophunzitsa anamwino ndi a mipingo, pansi pa bungwe la CHAM. Kufupi ndi ife kuli Nkhoma, ya sinodi ya Nkhoma m'boma la Lilongwe. Kumpoto kuli Ekwendeni ndi St John's ku Mzuzu. Kummwera ndiye kochuluka: St Luke's ku Malosa, imene ndi ya Anglican ngati chipatala chathu cha St Anne's, St Joseph's ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe, Mulanje Mission, Malamulo ku Thyolo ndi Trinity ku Muona m'boma la Nsanje. Ya boma ndi Malawi College of Health Sciences, yomwe ili ndi nthambi ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba. Si koleji iliyonse imatenga gulu lililonse chaka chilichonse, choncho tidzadalira zomwe adzalengeze okha nthawi yolembera ikafika.

Chimene chinandikhudza kwambiri, ndipo ndikupempha tichiganizire mofatsa, ndi zomwe ananena mayi woyang'anira anamwino uja. Iwo anati kholo likamasankha koleji lisayambe ndi kukongola kwa nyumba, liyambe ndi kufunsa kuti ana amakaphunzirira ntchito pa chipatala chiti, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo amakhala nawo ndani m'wodimo. Unamwino gawo lalikulu amauphunzira ali chiimirire pambali pa bedi la wodwala. Ife a kunyanja tikudziwa kuti munthu saphunzira kupalasa bwato ali pamtunda. Koleji imene ili ndi chipatala chakechake pakhomo, monga zilili ku mishoni zambiri, mwana amadzuka m'chipinda chogona n'kuyenda pang'ono kulowa m'wodi. Koleji yopanda chipatala imadalira kupempha malo kwina, ndipo ophunzira a masukulu angapo akathithikana m'wodi imodzi, ena amamaliza mwezi akungosuzumira pamapewa a anzawo.

Mmodzi wa anamwino achinyamata aja anatisonyeza buku lake la ntchito. Linali lothimbirira, ngodya zopindikapindika. Tsamba lililonse lili ndi mizere: tsiku, ntchito imene wagwira, ndi siginecha ya namwino amene ankamuyang'anira. Kuika diripi, kuyeza BP, kuyeza mayi woyembekezera, kuchiritsa mayi, kusoka, kusamalira khanda lobadwa masiku osakwana. Chilichonse chili ndi chiwerengero chake chimene ayenera kukwanitsa asanaloledwe kulemba mayeso omaliza. Anati panali masiku amene ankagona pa benchi ku matenite kudikira kuti mayi wina akafika nthawi yake akhale iye womuchiritsa.

Kenaka mnzake anatulutsa m'chikwama chidole chonga khanda ndi kachikwama kopopera mpweya. Anachigoneka patebulo, n'kuchipukuta msanga ndi nsalu, n'kuchisisita kumsana, n'kuweramutsa kamutu pang'ono, n'kuvindikira mphuno ndi pakamwa ndi kachipangizoko, n'kuyamba kufinya mowerenga, kachifuwa ka chidoleko kakukwera ndi kutsika. Anati mwana akabadwa osalira, mphindi imodzi yoyambayo ndi imene namwino ali nayo kuti amuyambitse kupuma, ndipo manja ayenera kudziwa okha chochita. Anatiuzanso za jakisoni wa oxytocin amene mayi amabayidwa mwana akangobadwa kuti asataye magazi ambiri. Amayi anzanga, tonse tikudziwa nyumba m'midzi yathu muno zimene zinalira maliro chifukwa cha zinthu ziwiri zimenezi. Mwana wathu akadzatumizidwa ku chipatala chakutali, usiku, ambulansi ili kwina, mvula itadula msewu, sipadzakhala womufunsa. N'chifukwa chake ndikuti tizifunsanso ngati kolejiyo ili ndi chipinda choyesererapo ndi zidole zotere, ndiponso ngati aphunzitsi amatsatira ana kuwodi kapena amangowasiya m'manja mwa anamwino otopa kale ndi ntchito.

Tinakumbutsananso za kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja, kuphatikizapo lathu ndi Salima, anavutika nayo kwambiri. Amene ankagona m'matenti a odwala aja anali anamwino omwewa. Mwana amene akufuna unamwino chifukwa cha yunifomu yokha adziwiretu zimenezi.

Za magiredi sindichulukitsa, aphunzitsi athu akuzidziwa. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass chabe. Makoleji a unamwino amayang'ana ma credit mu Chingerezi, masamu, Biology ndi sayansi ya Physics kapena Chemistry, ndipo ambiri amaitananso ana ku mayeso olowera kapena kukawafunsa maso ndi maso. Mwa ana athu anayi, awiri ali ndi zonse. Mtsikana wachitatu ali ndi 7 masamu, mnyamata ali ndi 7 Biology. Ndinafunsa ngati pali njira ina, anandiyankha mosabisa kuti abwereze mayeso. Sindikuona chamanyazi pamenepo. Ana athu amaphunzira sayansi pa bolodi, labu sanaionepo, ndiye kufika pa 7 n'kulimbikira ndithu. Koma ana otere ndi amene sukulu zachinyengo zimawasaka, chifukwa zimawauza kuti bwerani, kuno 7 timalandira.

Mnyamata wathu asagwe mphwayi ndi zonena za anthu. Amuna ambiri ndi anamwino ndi azamba m'zipatala zathu, ndipo mmodzi wa anamwino awiri achinyamata amene anatiyankhula anali mwamuna.

Pa ndalama, akuluakulu ena muno amakumbukira nthawi imene ana a unamwino ankalipiriridwa. N'zoona, pakati pa 2004 ndi 2009 boma ndi mabungwe akunja anali ndi ndondomeko yapadera yochulukitsa ogwira ntchito zaumoyo, ndipo ambiri anaphunzira mwa njira imeneyo. Lero tisawerengere zimenezo. Thandizo likapezeka tidzathokoza, koma bajeti yathu ikhale ya munthu wodzilipirira. Kuli bungwe la boma lobwereketsa ngongole kwa ophunzira a sukulu za ukachenjede, lomwe linayamba mu 2015. Ana akapeza malo tidzafunsa kukolejiko ngati kosi yawo ili m'gulu lolandira ngongoleyo. Fizi imasiyana koleji ndi koleji ndipo imasintha chaka ndi chaka, ndiye sindilemba chiwerengero chimene chingatisokeretse. Chimene makolo odziwa anatsindika n'chakuti fizi si yokhayo. Pali yunifomu, nsapato, wotchi, ndalama yolembetsera ku bungwe la anamwino, ndalama ya mayeso omaliza, ndi thiransipoti. Chimene chimapweteka kwambiri ndi nthawi imene ana amatumizidwa kukaphunzira ntchito kutali ndi koleji, monga ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, ku Bwaila, kapena ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Kumeneko nthawi zina mwana amafunika kudzipezera pogona ndi chakudya. Mtsikana wopanda ndalama m'tauni yachilendo, nonse mukudziwa mayesero amene amakumana nawo. Tikamutuma, timutume ndi zokwanira.

Sindikufuna kubisa chimene chinandilemera pobwerera. Kumaliza sukulu sikutanthauza kuti ntchito ilipo mawa lake. Anamwino ambiri okhala ndi ziphaso amadikira nthawi yaitali boma lisanawalembe, ngakhale kuti m'zipatala anthu ndi osowa, ndipo ena amangogwira maganyu a masiku owerengeka. Wachinyamata mmodzi uja akadali pa mzere womwewo. Ndinaganizira kwambiri ngati n'koyenerabe kuika mpunga wathu pamenepa. Ine ndikuti n'koyenera, chifukwa chiphaso chenicheni sichiwola ndipo chimatsegula khomo ku boma, ku mishoni ndi ku mabungwe, koma makolo a anawa tiwauziretu kuti asayembekezere malipiro chaka choyamba.

Maganizo anga kwa komiti ndi awa. Atsikana awiri okhala ndi ma credit onse alembere NMT ku makoleji osachepera atatu, Nkhoma ikhale imodzi chifukwa cha kufupika kwa ulendo, ndipo thumba lilipire mafomu ndi thiransipoti yopitira ku mayeso olowera. Ngati ndalama sizingakwane onse awiri kwa zaka zitatu, ndi bwino tinene lero, kusiyana n'kudzamusiya mwana panjira chaka chachiwiri. Awiri enawo tiwalipirire kubwereza MSCE, ndipo ndikupempha aphunzitsi athu a masamu ndi Biology atiuze ngati angawathandize madzulo. Ndikupemphanso kuti tisanatulutse ndalama, ana onse anayi akacheze ndi namwino wa pa chipatala chathu chapafupi, awauze yekha za ntchito ya usiku, za magazi ndi za imfa, aliyense adzatiyankhe ngati akufunabe.

A msungichuma abwere ndi buku la thumba Loweruka, ndipo makolo a ana anayiwa abwere ndi zotsatira za mayeso zenizeni, osati zojambula pa foni. Mapepala onse amene anagawa ku msonkhano ndawasiya kwa a Wapampando, amene akufuna akawerenge kumeneko.

Ndine mlembi wanu.