Kalata kwa Nduna Yoona za Mphamvu za Magetsi: yezani matope a mu Shire Mpatamanga isanamangidwe

Olemekezeka a Nduna,

Takulemberani ife amene ntchito yathu ndi kufufuza za magetsi, madzi ndi nyengo. Pempho lathu ndi laling'ono mukaliyerekeza ndi mabiliyoni amene amatchulidwa pa nkhani za magetsi. M'bajeti ikubwerayi muikemo ndalama zoyezera madzi ndi matope a mu Shire tsiku ndi tsiku, ndipo mulamule kuti manambalawo aziikidwa poyera.

Pafupifupi magetsi onse a madzi m'dziko muno amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, pakachigawo kake kamathithi pamene pali masiteshoni a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Wovwe ku Karonga imapereka mamegawati osapitirira 5. Mpatamanga, siteshoni yatsopano imene ikuyembekezeka kupereka mamegawati oposa 350, nayonso ili pa Shire pomwepo, pakati pa Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 anazima usiku umodzi, ndipo panapita chaka ndi miyezi asanabwerere. Sitikutsutsa Mpatamanga, tikuifuna. Koma walira mvula walira matope, ndipo damu lalikulu chotero liyenera kumangidwa ndi kuyendetsedwa ndi anthu odziwa kuchuluka kwa matope amene lizilandira chaka chilichonse.

Masamu ake ndi awa. Madzi okwana kiyubiki mita imodzi pa sekondi akagwa mamita 50, amapereka makilowati oposa 400. Namasupuni ndi zinyalala zikatsekera nsambo zachitsulo za pakhomo polowera madzi n'kudya mita imodzi yokha pa mamita 50 aja, mwataya magawo 2 pa 100 aliwonse. Pa siteshoni ya mamegawati 130, amenewo ndi mamegawati oposa 2.5 otayika mwakachetechete, makina onse akuzungulira bwinobwino. Matope ndiye amaluma pawiri. Olemera amakhazikika m'dziwe la pamwamba pa siteshoni n'kudya malo osungira madzi. Mchenga wopepuka umadutsa nsambo zija n'kumapala mapiko a makina ndi zitseko zowongolera madzi ngati sandipepa. Mipata ikakula madzi amathawira m'mbali, makina amayamba kunjenjemera, timapaipi ta madzi oziziritsira timatsekeka, ndipo makina amene anayenera kutsegulidwa patapita zaka zingapo amayamba kuimitsidwa pafupipafupi.

Kuchuluka kwake kumadabwitsa. Tiyerekeze kuti mtsinje ukuyenda makiyubiki mita 300 pa sekondi, ndipo lita iliyonse ili ndi galamu imodzi yokha ya dothi. Pa tsiku ndi matani pafupifupi 26,000, malole a matani 30 oposa 800. Madzi otuluka m'nyanja kudzera ku Malombe amakhala oyera ndithu. Amafiira chifukwa cha mitsinje yolowa kumunsi kwa Liwonde monga Rivirivi, Lirangwe, Lunzu, Lisungwi ndi Wamkulumadzi, yochokera m'mapiri amene mitengo yake inatuluka m'matumba a makala pa njinga. Ndalama zobzalira mitengo zimamwazidwa paliponse chifukwa pamsonkhano palibe angaimirire n'kunena kuti mtsinje wakuti ndiwo ukubweretsa matani akuti.

Kuyeza kwake si kwa mtengo wapatali. Munthu amaima pa mlatho, n'kutsitsa botolo loyezera kuchokera pamwamba pa madzi mpaka pafupi ndi pansi, pamalo atatu kapena asanu modutsa mtsinje. Kutunga pamwamba pokha kumanamiza, chifukwa mchenga umayenda chapansi. Ku labotale madziwo amasefedwa pa kapepala koyezedwa kale, kapepalako kamaumitsidwa mu uvuni pa madigiri 105, n'kuyezedwanso. Cholakwika chachikulu ndi kuyeza mwa kalendala, kamodzi pa mwezi. Gawo lalikulu la matope a chaka chonse limadutsa m'masiku ochepa a mvula yamphamvu, nthawi zina maola ochepa usiku, pamene galimoto ya boma ili ku ofesi yopanda mafuta. Pamafunika munthu wa m'mudzi wa pafupi ndi mlathowo, wophunzitsidwa, wolipidwa pa nthawi yake, wokhala ndi mabotolo olembedwa tsiku ndi ola. Maiwe a Nkula, Tedzani ndi Kapichira nawo aziyezedwa kuya kwake ndi bwato ndi makina omvera pansi pa madzi mvula ikangotha, chaka chilichonse, m'mizere yomweyomweyo. Apo ndi pamene mungadziwe ngati makina okumba matope akupambana kapena akungothamangitsana ndi mtsinje.

Zoyezera kuya kwa madzi zili ndi matenda akeake. Thabwa la manambala limakokoloka. Makina odziwerengera okha amafa chifukwa cha zinthu zazing'ono: sola yake yabedwa, batire latha, simu khadi ilibe mayunitsi, paipi yadzaza matope. Palinso vuto losaoneka ndi maso. Thabwa limangonena kuya kwa madzi, ndipo kuti tipeze kuchuluka kwake timagwiritsa ntchito tchati chopangidwa poyeza liwiro la madzi pamalopo. Madzi osefukira ngati a Ana ndi a Freddy wa 2023 amakumba pansi pa mtsinje kapena kuunjikapo mchenga, tchati chija n'kusanduka bodza. Chikapanda kukonzedwanso, manambala amabwerabe okongola pakompyuta koma olakwika. Abwenzi akunja amagula makinawa mosavuta. Mayunitsi, mafuta ndi malipiro a owerenga amatha pulojekiti ikatha. Mbali imeneyi ndi yathu, ndipo tikupempha kuti mugwirizane ndi unduna woona za madzi, bungwe la National Water Resources Authority ndi nthambi ya zanyengo kuti ikhale ndi mzere wake m'bajeti.

Za nyanja tinena mwachidule. Madzi ambiri amene nyanja ya Malawi imataya amauluka ndi dzuwa. Otuluka mu Shire ndi gawo laling'ono. Choncho mvula ikachepa pang'ono zaka zotsatizana, kapena kutentha kukakwera, Shire ndiye amayamba kumva. Kuyambira cha mu 1915 mpaka m'zaka za m'ma 1930 mtsinjewu unasiyiratu kutuluka m'nyanja. Mu 2016 ndi 2017 nyanja inatsika, dziko linalowa mumdima mpaka kubwereka majenereta a dizilo okwera mtengo. Mu 2024 inakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi. Malamulo otsegulira zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde ndiwo amagamula pakati pa magetsi, ulimi wothirira wa ku Chikwawa ndi Nsanje, ndi anthu a m'mbali mwa nyanja. Malamulowo asindikizidwe, pamodzi ndi madzi otulutsidwa tsiku lililonse.

Ena ati sola ndiye yankho. Mamegawati 60 a ku Salima ndi 20 a ku Golomoti athandizadi, koma dzuwa limalowa nthawi imene anthu akuyatsa mababu ndi mbaula zamagetsi. Batire la ku Golomoti, la mamegawati 5, limatha kupereka mphamvu yake yonse kwa maola awiri okha. Batire lalikulu la dziko lino ndi madzi: masana sola ikamagwira ntchito, makina a pa Shire achepetse, madzi asungike, atulutsidwe madzulo. Dziwe lodzaza matope silingachite zimenezo. Mtambo ukaphimba Salima mwadzidzidzi, makina a madzi ndiwo amathamangira kugwira mafrikwense (kugunda kwa magetsi m'nthambo) kuti asachoke pa 50 pa sekondi, ndipo makina operepeseka ndi mchenga sathamanga. Nthambo ya 400 kV yobweretsa magetsi kuchokera ku Matambo ku Tete, m'dziko la Mozambique, kufika ku Phombeya ingachepetse vutoli, komabe magetsi ake ndi ogula ndi ndalama zakunja, ndipo kuti tidziwe ogula angati, ola liti, pakufunika manambala omwewa.

Pomaliza, manambala atuluke m'madirowa. Pakali pano wophunzira wa ku yunivesite ya MUBAS, MUST kapena Mzuni amene akufuna kufufuza za Shire amathawira ku zithunzi za masetilaiti ndi malipoti a alangizi akunja, amene nawonso anakopera kwa anzawo. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Tikupempha kuti EGENCO (kampani yopanga magetsi), ESCOM ndi MERA (bungwe loyang'anira za mphamvu) aziika pa intaneti mwezi uliwonse, m'fayilo yoti munthu angawerengetsere osati chithunzi cha pepala, zinthu izi: magetsi opangidwa pa siteshoni iliyonse ola ndi ola, maola amene makina aliwonse anaima ndi chifukwa chake, kuya kwa nyanja, madzi odutsa pa Liwonde, ndi matope a pa milatho yoyezera. Zinsinsi za mapangano a malonda zikhale, sitikuzifuna. Ndipo m'mapangano a Mpatamanga mulembedwe kuti zonse zimene kampani yomanga yayeza ndi zimene idzayeze mu Shire ndi za dziko la Malawi, zisungidwe kuno, ndipo aliyense azipeza.

Mabotolo, masikelo ndi owerenga akhale ali pa milatho isanafike Novembala, chifukwa mvula yoyamba ndiyo imakokolola dothi lambiri m'minda yongolimidwa kumene.

Ndife anu,
Ofufuza za magetsi, madzi ndi nyengo