Bwera Tidzaphike Tili Awiri

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi banja lako. Ine ndiliko, miyendo yokha ndiyo yayamba kudandaula.

Wandipempha kuti ndikulembere kaphikidwe ka nyama yamsuzi ija unkaikonda uli wamng'ono. Pempho lako landikondweretsa kwambiri, koma pa foni sindikutumizira ayi. Ndikufuna ubwere, mthiko udzaugwire ndiwe, ine nditakhala pampando pambali pako.

Ine pophika sindiyeza kanthu. Ndikalemba kuti "mchere pang'ono", iwe udzathira wochuluka bwanji? Zala zanga ndi zako n'zosiyana, mapoto athunso ndi osiyana. Choncho udzatenge kope. Ndikadzatapa mchere, udzayambe waulandira pa supuni, uone kuchuluka kwake, ulembe, kenako uthire. Mafuta ndi madzi tidzachite chimodzimodzi.

Komabe zambiri sizilembeka, zimafuna maso, khutu ndi mphuno. Nyama uziiika mafuta atatentha, itauma madzi, ndipo usamaiunjike. Ukadzaza poto imatulutsa madzi n'kuyamba kuwira, ndipo madzi owira sapitirira madigiri 100, pamene nyama imafuna kutentha koposa pamenepo kuti ifiire. Kufiirako ndiko kumabweretsa fungo lija linkakuitana uli panja. Udzamva wekha kulira kwa mafuta kukusintha madzi akamatha, ndiye nthawi yotembenuza imeneyo. Zofiira zomata pansi pa poto si zopserera, usazitaye. Ukathira timadzi n'kupala ndi mthiko, zimasungunuka n'kukometsa msuzi. Anyezi amafuna moto wochepa, mphindi 10 kapena kuposerapo, mpaka afewe. Akangopserera, msuzi wonse umawawa ndipo palibe chokonzera. Tomato umudikire mpaka mafuta ayandame pamwamba. Apa m'pamene ambiri amapupuluma, n'chifukwa chake msuzi wawo umakhala wowawasa.

Udzandifunse chilichonse, ngakhale chooneka chachibwana. Zina ndimangochita osaganiza, moti sindingakumbuke kukuuza pokhapokha utandiimitsa dzanja n'kufunsa kuti, "Amayi, mwatani pamenepa?" Inenso agogo ako ndinkawafunsa choncho.

Ndikuchenjezeretu chinthu chimodzi. Ukadzaphika wekha kwanu, mwina udzaona ngati sikukoma monga kale. Usadzagwe mphwayi. Lilime la mwana limamva kutsekemera ndi kuwawa mosiyana ndi la munthu wamkulu, komanso masiku amenewo unkadya wochokera kosewera, njala itakugwira. Mbali yaikulu ya kukoma imadzera m'mphuno (kumbuka mmene chakudya chimazizirira m'kamwa ukadwala chimfine), ndiye uzinunkhiza ndi kulawa uku ukuphika, osadikira kuti zifike pa mbale. Ukabwereza kangapo dzanja lidzazolowera, ndipo ukafuna kusintha zina kuti zigwirizane ndi a m'nyumba mwako, usinthe, sindidzakhumudwa.

Usazengereze, mwana wanga. Maso anga akuchepa mphamvu, ndipo ndikufuna ndikuonetse ndikadali wotha kusiyanitsa kufiira ndi kupserera. Undiuze tsiku limene upeze mpata, ndipo udzafike m'mawa, chifukwa nyama yolimba imatenga maola 2 kapena 3 pamoto wochepa kuti ifewe. Pogula usankhe yamafupa ndi timafuta pang'ono. Mdzukulu wanga usamusiye, adzatitsukira tomato.

Moni kwa onse kumeneko.

Ndine,
Mayi ako