Ndinafuna kuti tiziunika chaka pabanja pathu, koma zinathera m'kukangana

Okondedwa Alangizi,

Ndine bambo wa zaka 43, ndili pabanja ndipo Mulungu anatidalitsa ndi ana atatu. Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina mumzinda wa Lilongwe, pomwe mayi a kunyumba amagulitsa kaunjika pamsika. Ine kwathu ndi ku Linthipe m'boma la Dedza, iwo kwawo ndi ku Ntchisi, koma kwa zaka 14 tsopano tili m'nyumba ya lendi ku Area 25. Ndakulemberani chifukwa ndikufunitsitsa kuti pabanja pathu pakhale chizolowezi chopatula masiku awiri kapena atatu chaka chilichonse, oti tizikhala pansi n'kuona pamene tafika ndi kumene tikulowera, koma ulendo woyamba umene ndinayesa zinathera m'kukangana, moti mpaka lero nkhaniyi sitchulidwa m'nyumba mwathu.

Chimene chinandidzidzimutsa ndi kabuku kena kamene ndinakapeza pansi pa sutikesi mu Disembala wapitayu, ndikufunafuna chiphaso chobadwira cha mwana wathu woyamba. M'kabukumo munali zimene ndinalemba mu Januwale 2019. Ndinalemba kuti pofika 2021 tidzakhale titagula puloti, pofika 2024 tidzakhale titafolera nyumba yathuyathu, mayi adzachoke pabenchi n'kutsegula kashopu kawo, ndipo ine ndidzatsirize mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'Malawi, amene ndinawasiyira panjira. Mwa zinthu zinayi zimenezi, chimene chinatheka ndi puloti yokha, imene tinagula cha ku Mpingu. Khoma linafika pa mawindo n'kuima pomwepo, ndipo nditapitako mwezi wathawu ndinapeza udzu utamera m'zipinda ndi mbuzi za eni dera zikugona pakona pamene tinati padzakhala pabalaza.

Sindikana kuti zaka zimenezi zakhala zowawa kwa aliyense. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unagwetsa malonda a mayi, ndipo mpamba wawo tinaudya. Titangoyamba kudzuka, mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, kenako mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Ndalama imene tinkasunga kubanki kuti tigulire malata inafika posakwanira ngakhale theka la denga, ndipo popeza mabelo a kaunjika amachokera kunja, mtengo wake unakwera limodzi ndi dola pamene makasitomala a mayi analibe choonjezera m'thumba. Pamwamba pa zimenezi, alamu anga anamwalira mu 2021, ndipo ine monga malume ndinatenga udindo wa fizi ya ana awiri a mlongo wanga. Udindo umenewu sindiudandaula, chifukwa nanenso anandiphunzitsa ndi amalume anga.

Komabe ndikadziuza choonadi, si zonse zimene ndingazikankhire kwa kwacha. Pali ndalama zambiri zimene zinadutsa m'manja mwathu zimene lero sitingaloze pamene zinapita. Chimandipweteka kwambiri ndi chakuti kuntchito ndimatseka mabuku chaka ndi chaka, ndimafananiza zimene tinakonza ndi zimene zachitika, ndipo ndimathandiza mabwana kukonza bajeti ya chaka chotsatira, koma pa moyo wa banja langa ndinalemba kamodzi n'kutsekera m'sutikesi osayang'anamonso. Tikanakhala kuti tinkaunika chaka chilichonse, mwina tikanaona msanga kuti kusunga ndalama kubanki kukutiluzitsa, n'kumagula simenti ndi malata pang'onopang'ono ndalama ikangopezeka.

Ndi maganizo amenewa, pa 1 Januwale titangobwera ku mapemphero olowera chaka chatsopano, ndinatulutsa kabuku kaja n'kuwauza mayi kuti tikhale pansi. Pano ndikuona kuti ndinalakwitsa nthawi, pakuti tonse tinali tisanagone, komanso ndinalakwitsa poyambira, chifukwa funso langa loyamba linali lokhudza ndalama zimene anagawana ku banki nkhonde mu Disembala. Iwo anamva ngati ndawaika pabwalo la milandu. Anandiyankha kuti: "Abambo, kabuku kameneka munalemba nokha, ine simunandifunse. Lero mukufuna ndiyankhe mlandu wa maloto amene sindinalote nawo?" Mawu amenewa anandilasa, chifukwa ndi oona. Ngakhale kashopu kamene ndinawalembera kaja, sanandiuzepo kuti akukafuna.

Mkangano utakula, panatuluka nkhani imene sindinkaidziwa m'zaka zonse za ukwati wathu. Mayi mtima wawo suli pa nyumba ya ku Mpingu. Iwo akufuna kuti tikamange kwawo ku Ntchisi, pamalo a amayi awo, chifukwa anaona ndi maso awo mnzawo wa pamsika akulandidwa nyumba ndi achibale a mwamuna maliro atangotha. Ndinawafotokozera kuti lamulo la chuma chamasiye la mu 2011 limateteza mkazi ndi ana ndipo kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu, koma anandiyankha kuti lamulo lili m'mabuku pomwe achibale amabwera ndi lole usiku. Inenso ndili ndi mantha anga. Tonse ndife Achewa ndipo ndikudziwa mmene chikamwini chimathera: ndinaona bambo anga aang'ono akubwerera kwawo ndi kachikwama kokha akazi awo atamwalira, atasiya nyumba ya malata imene anamanga ndi thukuta la zaka zambiri. Nditanena kuti njira yothetsera mantha a tonsefe ndi kulemba wilo ndi kuika maina athu onse awiri pa mapepala a puloti, mayi anaimirira n'kunena kuti sakufuna kuyamba chaka ndi kudziitanira imfa. Kukambirana kunathera pamenepo.

Kuyambira tsiku limenelo, ndikangotchula mawu oti mapulani amandiyankha kuti za mawa amadziwa ndi Mulungu, ndipo chakudza sichiimba ng'oma. Ine mwambi womwewo ndimaumva mwina: popeza tsoka silichenjeza, ndiye chifukwa chake tiyenera kukonzekeratu. Ndine wokhulupirira ndipo sindinena za mawa popanda kuti Mulungu akalola, koma sindiona kuti kuwerenga matumba a simenti amene atsala ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Kuntchito kwathu timapuma pa zaka 60, kutanthauza kuti ndatsala ndi zaka 17 zokha. Penshoni ndimadulidwa 5 peresenti ya malipiro ndipo kampani imaikapo 10 peresenti monga mwa lamulo, koma ndikaona mmene kwacha yafookera m'zaka zochepazi, ndimadzifunsa kuti ndalama imeneyo idzagula chiyani nthawi imeneyo ngati tidzakhale tikadali pa lendi. Mwana wathu woyamba alemba mayeso a MSCE posachedwapa, ndipo akadzasankhidwa kupita ku yunivesite sitinakambiranepo kumene fizi idzachokere.

Choyamba chimene ndikupempha, Alangizi, ndi chakuti mundithandize mmene ndingayambirenso nkhaniyi popanda mayi kumva ngati ndikuwazenga mlandu. Ndaganizapo zong'amba kabuku kakale kaja pamaso pawo n'kugula katsopano koti tilembemo tonse, iwo ayambe kunena zofuna zawo ine ndikungomvetsera, koma ndikuopa kuti aziona ngati ndi nyambo yoti ndiwakokere ku maganizo anga omwe aja. Kodi ndi bwino kuti ulendo woyamba pakhale ankhoswe? Mtima wanga ukukana, chifukwa kwathu kuno ankhoswe akaitanidwa anthu amadziwa kuti banja lagwedezeka, ndipo ankhoswe a mbali zonse ziwiri ali ndi mbali yawo pa nkhani ya kumene nyumba imangidwe.

Nthawi yake nayonso ikundizunguza. Januwale ndaona kuti ndi mwezi woipa pa zokambirana zotere, pakuti m'thumba mumakhala mopanda kanthu, fizi ikufunika, chimanga chakwera mtengo ndipo kumudzi akuimba lamya za feteleza wobereketsa. Munthu wanjala sangalote za zaka khumi. Ndikuganiza za mwezi wa Juni, pamene takolola kumunda kwathu ku Linthipe ndipo tikudziwa matumba amene tili nawo, kapena sabata yoti banki nkhonde yatsala pang'ono kugawana, ndalama isanafike m'manja. Mwinanso ndi bwino kuchoka panyumba n'kukakhala kwina tsiku lathunthu, kutali ndi ana ndi alendo, ngakhale kuti mayi adzaona ngati kuwononga ndalama ndi tsiku la malonda.

Chimene chikundilemera koposa ndi ichi: tingakonze bwanji za zaka zisanu kapena khumi pamene mitengo imasintha miyezi ingapo iliyonse, ndipo maliro kapena matenda a wachibale angathe kutenga m'sabata imodzi zimene tasunga chaka chonse? Ndaganiza zoti zolinga zathu tisamazilembe m'makwacha koma m'zinthu, monga kuti chaka chino tigule malata 20 ndi matumba a simenti 15, komanso kuti tipatuliretu gawo la achibale limene likatha tizitha kunena kuti pano tilibe. Koma kunena zimenezi kwa mlongo wanga wamasiye sindikudziwa ngati pakamwa panga pangatheke, ndipo mayi adzandifunsa, mwachilungamo, ngati malire omwewo adzagwire ntchito mofanana kwa abale anga ndi abale awo.

Mvula ikubwerayi khoma la ku Mpingu likhalanso pamtunda popanda denga, ndipo amisiri andiuza kuti njerwa za pamwamba zayamba kufumbutuka. Kodi ndipitirize kumanga ndekha podikira kuti mayi adzagwirizane nazo, kapena ndiimitse zonse mpaka titamvana kumene tidzakalambire?

Ine wanu wofuna malangizo,
Bambo wa ana atatu,
Area 25, Lilongwe.