Za Biniam Girmay, mnyamata wa ku Asmara

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti mukudzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Belgium. Kuno tonse tili bwino. M'kalata yanu munati anzanu a kuntchito sakamba nkhani ina koma ya njinga, ndipo dzina la Biniam Girmay mumangolimva osadziwa mutu wake. Ndati ndikufotokozereni, chifukwa ine mnyamata ameneyu ndimamutsatira ndi mtima wonse.

Anabadwira ku Asmara, likulu la Eritrea, mu 2000. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 2,300, kotero mwana wokulira kumeneko mapapo ake amazolowera mpweya wochepa. Mipikisano ya njinga inabwera ndi Ataliyana nthawi ya atsamunda, ndipo inazika mizu. Mu 2015 Daniel Teklehaimanot wa kwawo komweko anavalako jezi ya madontho ofiira, ya katswiri wokwera mapiri, mu Tour de France, mpikisano wa njinga wotchuka koposa wa masabata atatu. Biniam anali ndi zaka 15 panthawiyo.

Komatu miyendo yokha simufikitsa munthu ku Ulaya. Pamafunika viza, timu yokulembani ntchito, ndi munthu wokuphunzitsani kupalasa pakati pa anthu oposa 150 opanikizana mumsewu wopapatiza. Iye mwayi unamupeza mu 2018 pamene anamutenga ku World Cycling Centre, malo ophunzitsira a UCI, bungwe loyang'anira masewera a njinga pa dziko lonse, ku Aigle, m'dziko la Switzerland. Chaka chotsatira anapambana chigawo cha tsiku limodzi cha mpikisano wa masiku angapo wa La Tropicale Amissa Bongo ku Gabon. Analowa timu ya Delko ya ku France, yomwe inagwa chifukwa cha mavuto a ndalama, kenako mu 2021 anasamukira ku Intermarché-Wanty ya kwanuko. Chaka chomwecho anakhala wachiwiri pa mpikisano wa dziko lonse wa osapitirira zaka 23 ku Leuven.

Tsiku limene ndimalikonda kwambiri ndi la 27 March 2022, pa Gent-Wevelgem. Ndi mpikisano wa kwanuko wa tsiku limodzi, makilomita pafupifupi 250, mphepo ikuomba cham'mbali, ndipo amakwera kaphiri ka Kemmelberg kamene msewu wake ndi wa miyala yoyala. Kumapeto anatsala anayi kutsogolo: iye, Christophe Laporte, Jasper Stuyven ndi Dries Van Gestel. Zikatere aliyense amafuna kubisala kumbuyo kwa mnzake, chifukwa wakutsogolo ndiye amalimbana ndi mphepo. Amayang'anana, kucheuka, wina aliyense kudikira kuti ayambe ndani. Biniam anali pambuyo penipeni. Anadzambatuka kudakali kutali, anthu nkumati wafulumira atopa, koma Laporte analephera kumupeza. Munthu wakuda wa mu Africa anali asanapambanepo mpikisano wamtundu umenewu.

Chimene chinandigwira mtima n'chimene anachita pambuyo pake. Sabata yotsatira kunali Tour of Flanders, mpikisano umene anthu a kwanuko amaulemekeza koposa, ndipo ambiri ankafuna aupalase. Iye anakwera ndege kubwerera ku Asmara, chifukwa panali patapita miyezi asanaone mkazi wake ndi mwana. Inu amene mumakhala kutali ndi abale mukudziwa kulemera kwa zimenezi kuposa ine.

Mu May chaka chomwecho anagonjetsa katswiri Mathieu van der Poel pa chigawo cha ku Jesi mu Giro d'Italia, mpikisano waukulu wa ku Italy. Ali pansanja potsegula botolo la chikondwerero, chotsekera chake chinafwamphuka n'kumumenya m'diso lakumanzere. Anathera kuchipatala, mpikisano n'kuusiyira pomwepo. Mu 2023 anagwa koopsa pa Tour of Flanders n'kuvulala m'mutu, ndipo chaka chimenecho sichinamuyendere.

Ndiye kunabwera Tour de France ya 2024. Anapambana chigawo cha ku Turin pa 1 July, kenako zigawo zina ziwiri, n'kutenga jezi yobiriwira. Musaione ngati mphoto ya liwiro chabe. Mapointi amawatolera tsiku ndi tsiku, pamzere womalizira ndi pamizere ina ya m'njira, ndipo munthu ayenera kumaliza zigawo zonse 21. Othamanga pamalo athyathyathya amavutika zedi m'mapiri a Pyrenees ndi Alps, chifukwa ukafika mochedwa kupitirira nthawi yoikika amakuchotsa. Anzake a mutimu amamutchingira mphepo, kumutengera mabotolo a madzi kugalimoto, kumukoka mpaka mamita omaliza, iwo n'kumaliza pa nambala imene palibe amaikumbukira. Anagwanso pafupi ndi Nîmes, mawa lake n'kukweranso njinga ali ndi mabandeji, mpaka anakafika nayo jeziyo ku Nice, kumene mpikisano unathera chaka chimenecho chifukwa Paris inali pa chikonzekero cha masewera a Olympics.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'choti anyamata a mu Africa amene ali m'matimu akuluakulu akadali owerengeka, ngakhale kuti mpikisano wa dziko lonse unachitikira ku Kigali mu 2025. Luso lilipo lambiri, koma khomo lolowera ndi laling'ono.

Kumapeto kwa March mudzatenge ana mukaime m'mbali mwa msewu pa Kemmelberg. Mudzapite msanga chifukwa kumadzaza, ndipo mukadzaona mbendera za Eritrea mudzaime pafupi ndi anthu amenewo. Mudzanditumizire zithunzi. Mundiperekere moni kwa alamu.

Ndine mnzanu wa nthawi zonse.