Za mphatso ya abusa anu akusamukawo

Achimwene,

Kalata yanu yafika. Masamba awiri onse mwadzaza ndi za abusa anu amene akusamuka, koma za mwendo wa mlamu wanga simunatchule ngakhale liwu limodzi. Chabwino. Mwafunsa choti mpingo uwapatse kuti azikukumbukirani nacho, ndiye mverani.

Maganizo a chikho cha Mgonero aja asiyeni. Chikhocho ndi cha mpingo, ndipo abusa atsopano adzachifuna akangofika. Wotchi ya pakhoma nayonso ayi, mbusa amene wasamukapo kangapo ali nazo kale zodzaza katoni. Chimene amasunga mpaka ukalamba ndi chinthu chokhala ndi maina a anthu ake, olembedwa ndi manja awo, chopepuka, chosasweka pa galimoto ya katundu.

Baibulo ndi mphatso yabwino, koma musalole anthu kusaina m'kati mwake. Mapepala ake ndi opyapyala kwambiri, inki yamadzimadzi imalowerera mpaka kuseri n'kuphimba mawu. Lembani pa tsamba lolimba lakumayambiriro lija basi: dzina la abusa, dzina la mpingo, chaka chimene adafika, chaka chimene akuchoka, ndi ndime imodzi. Numeri 6:24-26, dalitso lija la Aroni, imakwana bwino. Afilipi 1:3-5 nayonso. Machitidwe 20:36-38, pamene Paulo akutsazikana ndi akulu a mpingo wa ku Efeso ali ku Mileto, muiwerenge pa mwambo koma musailembe pa mphatso. Pajatu akuluwo ankalira chifukwa sadzaonanso nkhope yake, pomwe abusa anu angopita ku mpingo wina, foni ali nayo.

Masaini apite m'buku lapadera la mapepala okhuthala, losokedwa ndi ulusi. Lomata ndi guluu limathothoka masamba likatsegulidwa ndi manja ambiri. Banja lililonse lipatsidwe theka la tsamba. Muyambe kudakali masabata anayi, ndipo wina alitenge bukulo kupita nalo kwa odwala ndi okalamba amene safika kutchalitchi. Pomaliza mufananitse ndi kaundula wa mpingo. Banja limodzi likasowamo, nkhani yake idzakhalitsa kuposa mphatsoyo.

Tsopano cholembera. Achimwene, apa ndiye pagona nkhani. Chikhale chimodzi, cha inki yakuda yosasuluka, ndipo muchimangirire ku bukulo ndi chingwe. Mukasiya aliyense atulutse chake, wina abwera ndi chofiira, wina chobiriwira, ndipo mitundu yowalayi ndiyo imayamba kuzimiririka ikaona kuwala. Pakapita zaka abusa adzatsegula buku n'kupeza theka la mpingo lafufutika, ngati Mkwatulo wachitika iwo atsala. Wina adzalemba ndi marker n'kuononga tsamba la mnzake kuseri. Wina adzatseka buku inki isanaume. Msungichuma wathu uja mukumudziwa, siginecha yake yokha imafuna tsamba lathunthu, ndipo kwanuko wotere sangasowe. Muike munthu wolimba mtima pambali pa bukulo, wosaopa akulu a mpingo, ntchito yake ikhale yolanda zolembera basi. Ndikanakhala pafupi ndikanadzipereka ndekha.

Chithunzi cha gulu mukachiika mufelemu, chisakhudzane ndi galasi. Pakhale kakatoni ka m'mphepete kokhuthala pafupifupi 2 mm, apo ayi chinyezi chimamatiza chithunzi ku galasi, ndipo pochotsa nkhope zimatsalira pomwepo. Maina muwalembe ndi pensulo pa pepala lina, mzere ndi mzere monga anthu aimira, n'kuliika kuseri kwa felemu. Mukalemba ndi bolopeni kuseri kwa chithunzi chenichenicho, zilembo zimatukuka kumaso.

Amayi akafuna kusoka nsalu ya zigamba, banja lililonse chigamba chake, adule za 20 cm mbali zonse, ndipo 1 cm ya m'mphepete pasalembedwe kanthu chifukwa idzalowa mumsoko. Nsalu ya thonje aichape kaye asanadule, popeza imafupika ikachapidwa koyamba. Mtanda wosema, thabwa lake likhale louma bwino, laliwisi limang'aluka. Ndipo dzina la abusa anthu awiri aliwerenge papepala wozokota asanayambe.

Amayi abusa ndi ana musawaiwale, nawonso akusiya anzawo.

Chinthu china chimene chimandilemera ndikachiganiza: m'bukumo musiye tsamba la amene abusawo adawaika m'manda pa zaka zonsezi. Achibale awo alembe mainawo. Mayi anu nawonso akhalamo, si choncho? Sindikudziwa ngati mungathe kulemba nokha kapena mupemphe alongo anu, koma tsambalo ndilo abusa adzayambe kutsegula. Pepala landithera, za mwendo uja mundiyankhe, komanso za kwaya ndimati ndinene kuti akajambula nyimbo asaike foni pafupi ndi